Wodwala akufuna jakisoni, chipatala chili ndi panado: asankhe ndani?

Dzinja lapitali ndidaperekeza azakhali anga kuchipatala china chaching'ono kuno ku Ntcheu. Tidanyamuka nkhuku zisanatsike, pa kabaza wa njinga yamoto, koma pofika tidapeza mabuku a odwala ataunjikana kale pawindo. Azakhali ankadandaula chifuwa ndi kuphwanya m'thupi, ndipo njira yonse ankangobwereza mawu amodzi: "Akandibaye jakisoni basi, ine mapilitsi sandigwira."

Dzuwa litakwera, mayi wina adatulukira akuthamanga, mwana ali lende kumsana, maso atatembenuka. Mlangizi wa zaumoyo adangomuyang'ana kamodzi n'kumulowetsa, kutidumpha tonse. Pabenchi padamveka kung'ung'udza. Nthawi ya azakhali itakwana, adawayeza malungo pachala koma sadawapeze nawo. Adawapatsa panado n'kuwauza kuti chifuwacho n'cha chimfine, chitha chokha. Mankhwala a BP omwe amamwa tsiku ndi tsiku anali atatha, ndiye adawalembera m'buku kuti akagule. Potuluka adandifunsa kuti, "Mwana wanga, nanga mtunda wonsewu tayendera chiyani?"

M'mawa umodzi womwewo, wina adadumpha mzere, azakhali adakanizidwa chomwe ankafuna, ndipo chomwe ankafunikiradi sichidapezeke. Tikamacheza m'minibasi kapena poimba foni pawailesi, zonsezi timazimanga mtolo umodzi n'kunena kuti kuchipatala kuli nkhanza. Nkhanza zilipodi malo ena, sindikukana. Koma zinthu zitatuzi zili ndi magwero osiyana, ndipo munthu akazimasula amadziwa poyenera kumvetsa ndi poyenera kukakamira kufunsa.

Ufulu wa wodwala umalekezera pati

Kale, padziko lonse, dokotala ankalamula ndipo wodwala ankangomvera. Zidayamba kusintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, madokotala a ku Germany atazengedwa mlandu ku Nuremberg chifukwa choyesera zinthu zoopsa pa akaidi. Mu 1947 oweruza adalemba mfundo yakuti munthu asayeseredwe kanthu pathupi pake asanavomere yekha mosakakamizidwa. Pang'onopang'ono mfundoyi idalowa m'chithandizo cha tsiku ndi tsiku. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 19, nawonso amaletsa kuyesera za chipatala kapena za sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Kusainitsa kapena kudinditsa chala kuja musanalowe kuthiyeta kudachokera ku maganizo omwewa. Makolo adanena kale kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Komabe kukana ndi kuitanitsa sikulemera mofanana. Mlendo pakhomo angakane ndiwo zomwe mwamuikira, palibe womukakamiza. Koma sangaloze mbuzi m'khola kuti muphe iyo. Munthu wamkulu yemwe mutu wake ukugwira bwino angakane opaleshoni atafotokozeredwa kuopsa kwake, ndipo achipatala ayenera kulemekeza zimenezo ngakhale mtima ukuwawawa. Koma sangalamule kuti abayidwe jakisoni kapena ajambulidwe ekisire pamene womuyeza waona kuti sizikufunika. Malamulo aakulu aja, m'gawo 13, amaika chithandizo chokwanira cha zaumoyo pa zolinga zomwe boma liyenera kumazikwaniritsa pang'onopang'ono. Sanena kuti aliyense apatsidwe mankhwala alionse omwe watchula.

Jakisoni wa azakhali sadakanidwe chifukwa cha ndalama zokha. Akuluakulu akukumbukira kulolokwini. Dziko lino lidamusiya mu 1993, loyamba mu Africa muno kutero, chifukwa tizilombo ta malungo tidasiya kumumva. Fansida yemwe adalowa m'malo mwake naye adafooka, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Ndiye akamakaniza LA munthu yemwe sanapezeke ndi malungo, kapena amokisilini munthu wa chimfine wamba, akusunga mphamvu ya mankhwalawo kuti adzagwire tsiku lomwe adzafunikedi, kwa inu nomwe kapena kwa mdzukulu wanu.

Si zofuna zonse zili ngati jakisoni, ndipo apa m'pomwe ine ndimaona kuti odwala amapweteka mosayenera. Mayi wachikulire akufuna amuyeze namwino wamkazi. Mtsikana akufuna jakisoni wolera wa miyezi itatu osati kapulasitiki ka pamkono. Agogo omwe matenda awo afika posachiritsika akukana kupita ku Lilongwe, akufuna akatsirizire kumudzi pakati pa zidzukulu, pomwe angamve fungo la utsi wa kwawo. Zofuna zotere si umbuli. Zambiri sizidya ndalama n'komwe, zimafuna nthawi ndi khutu lomvetsera. Vuto n'lakuti nthawi nayo ndi yoperewera. Woyeza ali yekha pachipatala, panja mzere wafika kumtengo wa mango, usiku wathawo adadzutsidwa kawiri. Mphindi zomwe angakhale pansi n'kufotokozera azakhali chifukwa chomwe chimfine sichifuna jakisoni, wazichotsa kwa wina wa kumapeto kwa mzere.

Kuno kwathunso wodwala sasankha yekha kawirikawiri. Pali amuna ake, pali amalume omwe ndi mwinimbumba, pali gadiyani wogona pansi pa bedi. Mfundo zolembedwa zimati wovomera ndi mwini thupi, koma anamwino amadziwa momwe zimakhalira mayi ali pamavuto, akufunika opaleshoni msanga, iye n'kumati tidikire foni ya kumudzi.

Kuperewera

Akatswiri a zachuma ali ndi mfundo imodzi yomwe mayi aliyense amaidziwa mwezi wa Febuluwale nkhokwe ikatsika: ufa womwe wapita kuphala la m'mawa sukhalaponso pa nsima ya madzulo. Mtengo weniweni wa chinthu ndi chomwe mwasiya kuti mupeze chimenecho. Mafuta omwe ambulasi yapsereza kupita ku Kamuzu Central ndi wodwala mmodzi ndi omwewo akadakatengera mayi woyembekezera ku Tsangano kapena ku Kasinje.

Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, koma chaulere kwa wodwala pawindo, osati kwa dziko. Pa kalembera wa 1966 tidalipo anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tidakwana 17.5 miliyoni, ndipo mwa amenewa oposa 830,000 anali a ku Dedza, pafupifupi 660,000 a ku Ntcheu. Lililonse mwa maboma awiriwa lili ndi chipatala chachikulu cha boma chimodzi chokha. Onjezani abale athu a ku Mozambique. Pa Lizulu kapena pa Biriwiri malire ndi msewu wa M1 womwewo, ndipo anthu a ku Angonia amawoloka kudzalandira chithandizo. Kalembera wathu sawawerenga, koma mankhwala amamwa a m'kabati yomweyo, ndipo palibe namwino angabweze mwana wodwala chifukwa wachokera tsidya la msewu.

Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lino silifikapo. Kuposa theka la ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo lakhala likuchokera kwa maiko ndi mabungwe otithandiza, ndipo zambiri zimabwera zomangidwa kale dzina: izi za HIV, izi za malungo, izi za katemera. N'chifukwa chake mungapeze ma ARV ali m'mashelefu pamene mankhwala a BP kapena a shuga mulibe. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, tidaona tonse momwe kudalira kotereku kumagwedezera chipatala. Komanso mankhwala ambiri timagula kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomweyo idayamba kugula makatoni ochepa kudzera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma.

Pali kuperewera kwina komwe sikuchokera ku umphawi. Mankhwala olembedwa chizindikiro cha boma akhala akupezeka m'misika ndi m'zipatala zina zapulaiveti, mpaka unduna udakhazikitsa gulu lofufuza za kuba mankhwala. Pakhomo pakaperewera ufa chifukwa mvula idavuta, banja limapirira. Ukaperewera chifukwa wina akugulitsa chimanga usiku, ndi nkhani ina. Wodwala pawindo sangathe kusiyanitsa ziwirizi, ndipo ichi n'chomwe chimadyetsa chikhulupiriro chake njenjete.

Wodumpha mzere uja

Kuchigayo woyamba kufika ndiye woyamba kugayitsa, ndipo n'chilungamo chifukwa chimanga cha wina sichifa podikira. Kuchipatala lamulo limenelo lingaphe. Njira yosanja odwala molingana ndi kukula kwa vuto amaitcha triage, mawu ochokera ku Chifalansa. Amene amatchulidwa kwambiri poiyambitsa ndi Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon zaka zoposa 200 zapitazo, yemwe ankati wovulala kwambiri athandizidwe poyamba posayang'ana udindo wake.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti njira yosanjira ana yomwe maiko ambiri akugwiritsa ntchito lero, yotchedwa ETAT, idakulira kuno. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku loyamba lomwe afika, ena akadali pamzere. Adaphunzitsa ogwira ntchito kuzindikira msanga mwana wobanika, wokomoka, wozizira manja kapena wotha madzi m'thupi, ndipo imfa za ana ogonekedwa zidatsika kwambiri. Ana amagawidwa patatu: wofunika kuthandizidwa pompopompo, wofunika kutsogozedwa, ndi woti angadikire. Mwana wa maso otembenuka uja anali wa gulu loyamba. Kung'ung'udza kwa pabenchi kudatha pomwe mayi wina adati, "Akadakhala wanu bwanji?"

Anthu sakana kusanja kotereku akakumvetsa. Chomwe amakana ndi kudumpha kwa mtundu wina, kwa wodziwana ndi mlonda kapena wovala taye.

Mndandanda wa zomwe boma lidalonjeza

Kusankha kwakukulu sikuchitikira pabenchi, kumachitikira m'maofesi ku Lilongwe. Kuyambira 2004 dziko lino lili ndi mndandanda wa chithandizo chomwe boma limati liyesetsa kupereka kwaulere kwa aliyense, womwe udayamba ndi dzina la Essential Health Package. Muli zinthu monga katemera, malungo, chifuwa chachikulu, HIV, uchembere, kutsegula m'mimba ndi chibayo cha ana. Umawunikidwanso pakapita zaka, ndipo dongosolo lomwe unduna ukutsata pano ndi la 2023 mpaka 2030.

Posankha zolowa, akatswiri amafunsa kuti ndalama yakutiyakuti ingapulumutse zaka zingati za moyo wathanzi ikaikidwa apa, nanga ikaikidwa apo. Muyeso umenewu udatchuka ndi lipoti la World Bank la 1993. Zili ngati mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke yemwe ali ndi thumba limodzi la feteleza ndi minda itatu: amathira pomwe akudziwa kuti pabereka kwambiri. Pa muyeso wotere masikito, katemera ndi LA zimapambana kutali, chifukwa n'zotchipa ndipo zimapulumutsa ana omwe ali ndi moyo wonse kutsogolo. Makina otsuka magazi a munthu yemwe impso zake zidaleka kugwira ntchito amagonja, chifukwa munthu mmodzi amawafuna kangapo pa sabata moyo wake wonse. Makinawa kuno alipo ochepa, m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth.

Koma munthu si munda. Wodwala impso wa ku Mayani sangatonthozedwe pomuuza kuti ndalama zake zagula masikito. Otsutsa muyesowu amati umapondereza okalamba, olumala ndi odwala matenda osowa. Oukonda amayankha kuti kukana kuwerengera sikuchotsa kusankha, kumangochititsa kuti omwalira akhale ana a kumudzi omwe sawoneka m'nyuzipepala. Mbali zonsezi zili ndi chilungamo chake.

Nkhaniyi idafikapo kukhoti ku South Africa. Mu 1997 Thiagraj Soobramoney, wodwala impso wa ku Durban, adasumira boma chipatala chitamukaniza makinawa chifukwa anali ochepa ndipo ankasungidwira odwala omwe anali ndi mwayi wochira. Khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo lidati chipatala chidatsata mfundo zomveka, ndipo silingalamule kuti iye atsogozedwe. Soobramoney adamwalira patangopita masiku ochepa. Ngakhale ku Britain, dziko lolemera, kuli bungwe la NICE lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, ndipo limakana mankhwala ena kuti ndi odula kuposa phindu lake. Palibe dziko lomwe limapereka zonse kwa onse.

Malire a mndandandawu amasuntha, ndipo ife taziona ndi maso. Ma ARV asanakhale aulere mu 2004, ankaonedwa ngati chinthu chomwe dziko losauka silingakwanitse. Atayamba kuperekedwa, ankayambira okhawo omwe matenda awafooketsa kapena chitetezo chatsika kwambiri, ena n'kumauzidwa kuti adikire. Mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kupereka mankhwalawa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilombo, ndipo mu 2016 khomo lidatsegukira aliyense wopezeka nako. Mitengo idatsika, othandiza adabwera, anthu adalankhula.

Chovuta chomwe ngakhale olemba mndandandawu amavomereza n'chakuti zolonjezedwa zakhala zikuposa ndalama zomwe zilipo. Zikatero kusankha kumachitika mwakachetechete. Palibe amene adakhala pansi n'kugamula kuti azakhali anga asalandire mankhwala a BP mwezi umenewo. Adangotha, ndipo yemwe adabwera sabata yoyamba adalandira, wa sabata yachitatu adabwerera chimanjamanja.

Kuchipatala chiti, nanga wolipira ndani

Zipatala zathu zidasanjidwa ngati makwerero: kiliniki ya m'mudzi ya mlangizi wa zaumoyo, chipatala chaching'ono, chipatala chachikulu cha paboma, kenako zipatala zinayi zikuluzikulu za Kamuzu, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu. Cholinga n'chakuti madokotala ochepa a ukatswiri asamathere nthawi pa malungo wamba. Tisaiwale kuti sukulu yathu yophunzitsa madokotala idatsegulidwa mu 1991, ndipo mpaka lero ntchito yambiri m'maboma, ngakhale maopaleshoni a amayi, imagwiridwa ndi ma clinical officer. Koma wodwala amapita komwe akukhulupirira kuti akapeza mankhwala. Munthu wa ku Linthipe akabwezedwa kawiri kuchipatala chapafupi, ulendo wachitatu amakwera minibasi ya ku Lilongwe, ndipo n'kovuta kumudzudzula.

Madera ena chipatala chapafupi ndi cha mishoni, monga cha Mua ku Dedza. Zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, ndipo zimalipiritsa. Kuyambira cha m'ma 2006 boma limachita nazo mgwirizano woti magulu ena, makamaka amayi oyembekezera ndi makanda, azithandizidwa kwaulere boma n'kudzabweza. Ndalamazo zikachedwa, chipatala chimavutika kugula mankhwala, ndipo wodwala ndiye amakhala pakati.

Uchembere ndi pomwe zofuna za anthu ndi mfundo za boma zidagundana poyera. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa. Mafumu ambiri adaika chindapusa kwa wochirira pakhomo, ndipo Inkosi Kwataine ya kuno ku Ntcheu idatchuka dziko lonse pa ntchitoyi. Amayi ochirira kuchipatala adakwera kuchoka pa 55 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 91 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ndipo imfa za amayi zidatsika poyerekeza ndi kale. Koma amayi ena ankakonda azamba chifukwa ankawalankhula mwaulemu ndi kuwafunditsa. Ukalamula mayi kusiya ana ndi munda kukakhala kuchidikiro masabata angapo, wadziikanso pangongole yoti akafika apeze madzi, magetsi, namwino ndi ambulasi ya mafuta.

Zomwe sizinayankhidwe

Akatswiri awiri a ku America, Norman Daniels ndi James Sabin, adati popeza anthu sangagwirizane kuti woyenera kutsogola ndani, tigwirizane pa kasankhidwe kake: zifukwa zinenedwe poyera, zikhale zomveka kwa munthu wamba, ndipo wodandaula akhale ndi kopita. Zina mwa izi tili nazo. Zipatala zili ndi makomiti a anthu a m'dera, ndipo kuyambira 2018 kuli ma ombudsman a pachipatala olandira madandaulo. Koma ombudsman akakhala wogwira ntchito pamalo pomwepo, kodi mayi wa kumudzi yemwe mawa adzabweranso ndi mwana kusikelo angalimbe mtima kukamuuza zonse?

Funso la kulipira nalo silinathe. Ena amati mawodi olipira ndi inshuwalansi ya zaumoyo zingabweretse ndalama zothandizira osauka. Ena amaopa kuti namwino wabwino ndi mankhwala zidzathamangira kwa wolipira, chipatala chimodzi n'kukhala ziwiri. Pali nkhani yotumiza odwala ku India, komwe ndalama za munthu mmodzi zingathandize anthu ochuluka kuno: munthu amalowa bwanji pamndandanda wa otumizidwawo, ndipo mlimi wa ku Golomoti ali ndi mwayi wofanana ndi wa ku Area 10 ku Lilongwe? Pali funso lakuti mndandanda wa zaulere uchepetsedwe kuti zolembedwazo zizipezekadi nthawi zonse, kapena ukhale wautali kuti tisatseke khomo kwa aliyense ngakhale mashelefu azikhala opanda kanthu masabata ena. Matenda a BP, shuga ndi khansa akuchuluka pamene malungo ndi kolera sizinachoke, ndipo ndalama za othandiza zikuchepa. Adzasiya malo ndani?

Azakhali adagulitsa ndowa ya mbatata pa msika n'kugula mankhwala a BP a masabata awiri. Atatha, adakhala masiku angapo osamwa mpaka mwezi wotsatira. M'mabuku a chipatala adalembedwa kuti adathandizidwa. Kodi ndowa ija, mtengo wa kabaza ndi masiku osamwa aja amawerengedwa ndi yani pamene akuluakulu akukhala pansi kugawa bajeti ya chaka chamawa?